Mpopi wa Kuseri kwa Ng'anjo

Inu mumati mizimu imayenda usiku wokha, eti? Mumati tambala akangolira ndiye kuti mwapulumuka? Khalani pansi ndikuuzeni za mizimu ya masana, dzuwa lili paliwombo. Ndikayamba kukweza mawu mundikhululukire, chifukwa nkhani iyi ndikaikumbuka mtima umandiwira mpaka lero.

Kuseri kwa mapiri a ku Thyolo kuli fakitale ina ya tiyi. Dzina sinditchula, eni ake alipobe. Inali fakitale yakalekale, ndipo mapaipi ake a madzi anali achitsulo, odyeka ndi dzimbiri, ongomangamanga ndi mphira za matayala. Chaka china eni ake anatopa ndi kudontha kwa madzi. Analamula kuti m'chilimwe, masamba a tiyi atachepa komanso makina ataima, mapaipi onse azulidwe, aikemo atsopano apulasitiki olimba, oti akhale zaka makumi atatu osawakhudzanso.

Ntchitoyo inagwera mayi wina dzina lake Edesi Mulepa. Mayi ameneyu anaphunzira za mapaipi kusukulu ya ntchito zamanja, ndipo anakhoza kuposa amuna onse a m'kalasi mwake. Koma kukhoza n'kwina, kulembedwa ntchito n'kwina. Zaka zisanu ndi chimodzi anangoyendayenda ku Bangwe ndi thumba la masipanala, kutsegula zimbudzi zotsekeka, eni nyumba akumufunsa pakhomo kuti, "Nanga apulambala enieniwo abwera nthawi yanji?" Ndiye tsiku limene anamuitana a Likongwe, injiniya wamkulu wa fakitale ija, Edesi anavina yekha m'nyumba.

Muofesi a Likongwe sanayang'ane n'komwe satifiketi yake. Anangomufunsa funso limodzi.

"Kuno ku esiteti muli ndi abale?"

"Ayi bwana, ndilibe aliyense. Ndikubwera koyamba."

"Chabwino kwambiri. Muyambe Lolemba."

Edesi anatuluka akuti mumtima mwake, pomaliza ndapeza munthu woona ntchito osati nsalu imene munthu wavala. Anasamuka ndi mwana wake mmodzi yekhayo, Sungeni, wa zaka zisanu, nawapatsa kanyumba kulayini kwa antchito. Masana mwanayo ankatsala ndi mayi a nyumba yoyandikana.

Panali zinthu ziwiri zimene zikanamudabwitsa, koma chimwemwe chinamutseka m'maso. Choyamba, fakitaleyo inali naye kale pulambala wakewake, a Mwahara, amene anagwirapo zaka makumi awiri. Sabata yoyamba ntchito, a Mwahara anagwidwa ndi msana moti sankatha kudzuka. Chachiwiri, sabata yomweyo a Likongwe anakweza akazi awo ndi ana onse pagalimoto, kuwatumiza ku Blantyre, iwo n'kutsala okha m'chinyumba cha pamwamba pa phiri. Edesi anati za msanazo ndi nsanje chabe ya mwamuna wolandidwa ntchito ndi mkazi, ndipo za banja la abwana sizinkamukhudza.

Ntchito anaigwira, musamve zina. Anali ndi amuna anayi okumba ngalande, ndipo poyamba ankamuseka chapansipansi, koma ataona mmene ankalumikizira mapaipi analeka okha. Ankatsata pulani imene a Likongwe anamupatsa mzere ndi mzere: kuchokera kuthanki yaikulu, kudzera kofotetsera masamba, kopera, mpaka koumitsira. Masabata atatu anapita popanda chovuta.

Tsiku lina atafika kuseri kwa nyumba ya ng'anjo, kumene amasonkha nkhuni za bulugama zoumitsira tiyi, anapeza kapaipi kachitsulo kotuluka m'khoma. Kumapeto kwake kunali mpopi wamkuwa ukudontha, tho, tho, tho. Pamwamba pake panakhomedwa misomali isanu, ndipo pamsomali uliwonse panali kapu yachitini. Makapuwo anali akale ndithu, opindikapindika, koma opanda dzimbiri ngakhale pang'ono. Edesi anatambasula pulani, nayang'ana, naitembenuza. Kapaipiko panalibepo.

Kenako anayang'ana pansi. Mpopi wodontha usana ndi usiku umayenera kukhala ndi matope, ndere, ngakhale kaudzu kobiriwira. Pansi pa mpopi uwu panali pouma gwa, fumbi lokhalokha. Anatchera dzanja, dontho linagwa m'chikhatho, lozizira bwino. Atachotsa dzanja, dontho lotsatira linagwa koma sanaone pamene linafikira.

Anapita kukaitana a Likongwe. Iwo anabwera, koma anaima patali, pakona pa nyumba, manja ali m'matumba.

"Uli papulani?"

"Ayi bwana."

"Ndiye mukundifunsanji? Dulani. Madzi a kampani akuthera pamenepo."

"Nanga makapuwa ndi a ndani?"

"Mayi Mulepa, tinakulembani ntchito ya mapaipi kapena ya makapu?"

Atatembenuka kuti aitane okumba aja amugwirire paipi, anapeza palibe ndi mmodzi yemwe. Wina anali atapita kuchimbudzi, wina kukanola piki, awiri enawo sanadziwike n'komwe kumene analowera. Edesi anatsonya. Amuna anayi athunthu kuthawa kapaipi kochepa ngati chala! Anatenga sowo yake nadula yekha.

Sowo itapyola, madzi sanatuluke. Munangotuluka mpweya wotentha umene unamuwomba kumaso, wonunkha utsi wa bulugama, pamene ng'anjo inali itazima mwezi wathunthu. Edesi anatsokomola, natseka bowo la khoma ndi simenti. Mpopi ndi makapu anakaziponya padzala pa zitsulo zakale.

Mawa lake makapu aja padzala panalibe. Edesi anati awatola ana. Koma tsiku lomwelo wophika wa kukantini anayamba kutukwana kuti makapu ake asanu asowa pamene chitseko anakhoma yekha. Masana okumba aja atakhala pamthunzi kuti amwe madzi, anapeza mabotolo awo ali opanda kanthu, zotsekera zili zomanga bwinobwino. Anangoyang'anana, kenako onse anayang'ana Edesi, n'kuzolika.

Ntchito yoika mapaipi itatha, inafika nthawi yowayesa. Amatero: amadzaza madzi m'mapaipi onse, n'kutseka ponseponse, n'kumayang'ana singano ya geji, kachida koyezera mphamvu ya madzi. Singano ikakhala malo amodzi tsiku lonse, ndiye kuti palibe podontha. Edesi anadzaza m'mamawa, singano inakwera n'kuima nji. Inakhala choncho m'mawa wonse. Sayirini ya nkhomaliro itangolira, m'mapaipi munamveka kugogoda, ngo, ngo, ngo, kuchokera cha kung'anjo. Kunali kulira kwa chitsulo chomenyedwa ndi chitsulo chinzake, pamene m'fakitale monse munalibenso paipi yachitsulo ngakhale imodzi. Singano inayamba kutsika iye akuona, mpaka inagona.

Anayenda mzere wonse akugwiragwira polumikizira paliponse. Panali pouma. Madzi odzaza thanki anali atapita, koma osanyowetsa ngakhale nyerere.

Tsiku lachiwiri zinachitika chimodzimodzi, nthawi yomweyo. A Likongwe anayang'ana gejiyo napukusa mutu pamaso pa antchito onse.

"Ndinkadziwa ine. Ntchito ya azimayi ndi yomweyi, yokongola kunja."

M'maso mwa Edesi munafiira. Masana amenewo anati akadye kunyumba, aone mwana, mtima utsikeko. Njira ya kulayini imadutsa pakati pa minda ya tiyi, yopanda mtengo wa mthunzi, ndipo unali mwezi wa Okutobala. Atafika pokhotera anaona amuna asanu atakhala m'mphepete mwa njira, atandanda. Anavala ziguduli, thupi lonse lili bii ndi mwaye. Pambuyo pake Edesi ankati nkhope zawo sanazikumbuke. Anakumbuka milomo yokha, yoyera, yong'ambikang'ambika.

"Zikomo mayi," anatero wa kumapeto, mawu ake osasa. "Timwe nawo."

Edesi anamupatsa botolo lake lodzaza. Munthuyo analandira ndi manja awiri mwaulemu, koma sanatsekule. Analigwira kanthawi, n'kumubwezera.

"Ife sitimwera m'manja mwa munthu, mayi. Tinali ndi pathu pomwera."

Botololo linali lopepuka, lopanda ngakhale dontho, ndipo linkatentha ngati lachoka pamoto. Edesi anayenda osathamanga. Atafika patsogolo anacheuka. Kunali tiyi yekhayekha mpaka kuphiri, ndi fungo la utsi.

Pakhomo anapeza mayi a nyumba yoyandikana aja ataima, manja ali kumutu.

"Amake Sungeni, bwerani mudzaone nokha, ine zandikulira."

Sungeni anali atagwada pandowa, mutu uli m'kati, akumwa ngati mwana wa ng'ombe. Ndowayo inali yodzaza m'mawa, tsopano inali itatsala pansi penipeni. Edesi anamunyamula. Thupi linali lamoto, louma, lopanda thukuta, mimba ili phwa ngati sanamwe kanthu. M'tsitsi mwake munkanunkha utsi wa bulugama.

"Amayi, ludzu."

"Wamwa ndowa yonse, mwanawe!"

"Sinafike, amayi. Amwa ndi ena."

Dzuwa litapendeka mwanayo anasiya kupempha madzi, nagona. Mawa lake ludzu linayamba msanga, linathanso mochedwa. Edesi anamubereka kupita naye kuchipatala cha pa esiteti. Anamuyeza malungo, alibe. Anamuyeza shuga, alibe. Anamuika diripi, ndipo thumba limene limatenga theka la tsiku linaphwa namwino asanatuluke m'chipinda. Anaika lina, nalonso chimodzimodzi. Mwana sankakodza, sankatuluka thukuta, akalira misozi sinkatuluka. Milomo inayamba kung'ambika n'kuyera.

Tsiku lachitatu, sayirini ya nkhomaliro ikulira kufakitale, Sungeni anadzuka pabedi n'kuyamba kumenya khoma ndi tizibakera take. Mawu amene anatuluka m'kamwa mwake anali a munthu wamkulu, osasa.

"Tsekulani, a kapitawo! Tsekulani timwe!"

Namwino anagwetsa mbale nathawira panja. Dokotala anamutengera Edesi pambali, osamuyang'ana m'maso, namuuza kuti impso za mwana sizingapirire masiku ena awiri, ndipo ngati ali ndi kwina kothamangira athamangireko.

Edesi anali mayi wa pulani ndi geji, zamizimu ankaziseka. Koma tsiku limenelo anakumbuka msana wa a Mwahara, pulambala wakale uja. Anafunsa njira, nakwera phiri wapansi, mpaka kumudzi kwawo. Ndipo anawapeza akutani? Akuwaza nkhuni! Nkhwangwa ikukwera mpaka kumwamba, msana uli tswii ngati wa mnyamata. Atamuona anagwetsa nkhwangwa n'kugwira m'chiuno.

"Musavutike, bambo," anatero Edesi. "Ndauona kale msanawo. Mwana wanga akufa. Mundiuze za mpopi uja."

A Mwahara anakhala pachitsa.

"Mwadula ndinu?"

"Ndadula ndine, ndi manja angawa, amuna nonse mutathawa."

"Inali nthawi ya bambo anga," anayamba motero. "Iwo ndiwo anali a mapaipi pamenepo. Kung'anjo kunkagwira amuna asanu osonkha moto. Kutentha kwa m'menemo inu simukukudziwa. Ankatuluka pafupipafupi kukamwa madzi kumtsinje, chifukwa mpopi unali kuofesi kokha, wa mabwana. Akatuluka moto unkatsika, tiyi osauma bwino. Ndiye analamula kapitawo kuti aziwakhomera kunja ndi loko, kuyambira m'mawa mpaka sayirini ya masana. Tsiku lina la mwezi ngati uno chumuni inatsekeka, utsi unabwerera m'kati. Anamenya mapaipi ndi mafosholo, anthu anamva fakitale yonse. Kapitawo anati akufuna madzi chabe amenewo, adikire sayirini. Italira anatsekula, n'kuwapeza onse asanu ataunjikana pachitseko."

"Ndiye kampani inatani?"

"Inalemba m'buku kuti anathawa ntchito. Anawakwirira kuseri kwa nkhuni usiku umenewo, opanda nyimbo, opanda mbale wawo. Kuyambira pamenepo madzi sankakhala m'mapaipi. Bambo anga anaboola khoma osapempha munthu, naika kampopi kaja, nakhoma misomali isanu. Zinatha. Aliyense wa mapaipi amauza womulowa m'malo kuti kampopi kaja sakatseka, ndipo papulani sakalemba, kuopa kuti wina angafunse. Mlonda wina anautsekapo chaka china. Ludzu limalowa m'nyumba ya wotsekayo, mayi, ndipo limayambira wamng'ono. Anaika maliro a ana awiri asanadziwe chimene chikumudya."

Edesi anawayandikira. "A Likongwe akuzidziwa zimenezi?"

A Mwahara anayang'ana kumbali.

"Ndikufunsa, bambo! Akuzidziwa?"

"Ndinawauza ndi pakamwa pangapa. Anati ndi zamkutu, eni fakitale akufuna kuti pasatsale podontha paliponse. Anandiuza kuti ndidule, ndinakana. Anaitana apulambala awiri ochokera kuboma, atamva anabwerera. Ndiye anati, tipeze wakutali, wopanda abale kuno oti angamunong'oneze."

Apa ndi pamene Edesi anamva kuwawa kwenikweni. Anakumbuka funso limodzi lija la muofesi, ndi satifiketi imene sanaitsekule n'komwe. Anakumbuka galimoto yonyamula ana a bwana kupita ku Blantyre. Munthu woti ndi zamkutu, koma ana ake anawathawitsa! Iye anavina yekha m'nyumba kuti amuona luso, pamene anthu ankangofuna dzanja la munthu wosadziwa kanthu.

"Ndipo inu," anatero Edesi, "munandiona ndikutsika basi ndi mwana kumbuyo. Munagona pamphasa n'kumabuula msana. Mawu amodzi okha akanakupwetekani chiyani?"

"Anati ndikayankhula andichotsa. Ndili ndi zidzukulu, mayi."

"Wanga si mwana? Ndi mbuzi yoti muperekere nsembe?"

A Mwahara anayamba kulira, misozi ya munthu wamkulu. Edesi analavula pansi patsogolo pawo, natsika phiri.

M'mawa mwake anasiya Sungeni m'manja mwa mayi oyandikana nawo aja kuchipatala. Mwana anali atasiya kuyankhula, maso atalowa, akungotsekula ndi kutseka pakamwa. Edesi anavala ovolosi yake, natenga thumba la zida, nalunjika padzala pa zitsulo. Anafukula mpaka anaupeza mpopi wamkuwa uja. Makapu anati akagula ena pambuyo. Koma atafika kuseri kwa ng'anjo anawapeza ali kale m'misomali yawo, onse asanu, opindikapindika omwe aja, atawayang'anitsa kumwamba ngati manja opempha.

Anagwada, naomba m'manja katatu.

"Pepani azibambo anga. Sindinkadziwa. Mwanayo ndi wosalakwa, musiyeni."

Anagumula simenti imene anamata yekha, nalowa m'kati, nadula paipi yaikulu yatsopano, yonyadira ija, imene anailumikiza masiku atatu. Anaikapo mphanda, natulutsira kapaipi kunja kwa khoma, namangirira mpopi. Okumba anayi aja anabwera mmodzimmodzi, osaitanidwa. Wina anamugwirira paipi, wina anamupatsira guluu, ndipo palibe anamuyang'ana m'maso. Atatsekula kuthanki, mpopi unatsokomola, unapuma utsi, kenako unayamba: tho, tho, tho. Pansi sipananyowe.

Mbiri inali itafika kale kuofesi. A Likongwe anabwera akuthamanga, tayi ili paphewa, ndipo pambuyo pawo panali antchito onse amene anali pafakitale tsiku limenelo: amakanika, osesa, wophika wa kukantini, alonda. Ngakhale a Mwahara anali pomwepo kumbuyo, osagwiranso msana. A Likongwe anaimanso pakona paja.

"Mwadula paipi yatsopano? Wakulamulani ndani?"

"Palibe, bwana."

"Ntchito yatha lero lomwe! Ndilemba kalata yoti simudzagwiranso paipi m'dziko muno. Tsekani mpopiwo muchoke!"

Edesi anadzuka, napukuta manja paovolosi. Anatenga sipanala yake yaikulu, nayenda mpaka pakona, nawatambasulira.

"Ntchito yatha, ndiye sindinenso wantchito wanu. Tsekani nokha, bwana."

"Mukuti chiyani?"

"Si zamkutu kodi? Munatero ndinu kwa a Mwahara. Fikani pafupi, mwaima patali bwanji? Ana anu ali ku Blantyre, akumwa bwino. Wanga ali pabedi kuchipatala, lilime lauma. Tsekani ndi dzanja lanu, anthu onsewa aone kuti ndi zamkutu."

A Likongwe anatembenukira okumba aja. "Iwe, tseka mpopiwo!" Munthuyo anangoyang'ana kumwamba. Analoza wachiwiri, wachitatu, mlonda, makanika. Palibe anasuntha. Kenako kumbuyo wina anaseka, kaphwete kakang'ono chabe, ndipo ndikukhulupirira kuti anali wophika uja.

Kaphwete kameneko ndi kamene kanawapha. Imfa ya amuna asanu sinawasunthe, mwana wodwala sanawasunthe, koma kusekedwa pamaso pa mkazi wovala ovolosi sanathe kukupirira. Anakankha sipanala ija, nayenda mpaka pakhoma, nagwira mpopi ndi dzanja lawo lamanja, naupotokola mpaka unalira. Kudontha kunaleka.

"Mwaona?" anatero, akuyang'ana onse. "Chachitika n'chiyani?"

Pomwepo sayirini ya nkhomaliro inalira. Kunalibe mphepo ngakhale yogwedeza tsamba, koma makapu asanu aja anayamba kugundana m'misomali yawo, nge, nge, nge. Anthu anabwerera m'mbuyo. A Likongwe anafuna kuyankhulanso, mawu anakana. Anameza, namezanso, nagwira pakhosi.

"Wina andipatseko madzi," anatero, mawu ali osasa.

Edesi sanadikire kuti aone amene awapatse. Anasiya zida zake zonse pomwepo, nathamanga njira ya m'minda ya tiyi, dzuwa likuwotcha, osacheuka pokhotera paja. Mumtima ankangoti, ndautsekula ine koma atsekanso, nanga azibambo aja amvetsa kuti dzanja ndi lina? Anafika pachipatala mpweya utamuthera. Pakhomo pa chipinda anakumana ndi mayi oyandikana nawo aja akulira.

"Lowani, amake Sungeni, lowani muone!"

Sungeni anali atakhala tsonga pabedi, thukuta lili chuchuchu kumaso, tsitsi litanyowa. Ataona amayi ake anagwira nsalu yofunda n'kuibisa kumbuyo, misozi yeniyeni ikutsika m'masaya.

"Amayi, musandimenye. Ndakodza pabedi."

Edesi anagwa pabedi ponyowapo, namukumbatira, akuseka ndi kulira nthawi imodzi, mpaka namwino anabwera kudzawaletsa phokoso.

Ena amati Edesi anachimwa, kuti ankadziwa chimene chidzagwere munthu wogwira mpopi uja. Ine ndimawafunsa kuti, nanga a Likongwe aja pomulemba ntchito sankadziwa? Iye anawauza zonse poyera, anthu akumva, n'kuwasiyira kuti asankhe okha. Iyeyo anamuuza ndani?

Kalata yomuchotsa ntchito sinalembedwe, chifukwa woilemba sanalowenso muofesi. Wantchito wa m'nyumba mwawo ankati a Likongwe anamwa zonse za m'firiji, anamwa za m'bafa, anagona pansi pa mpopi wa kukhitchini pakamwa pali yasa, koma milomo inkangoyera. M'nyumba monse munalibe wamng'ono woti ludzu liyambire, anali atawathawitsa okha. Tsiku lachitatu masana mlonda anawaona akukwawa kuseri kwa ng'anjo, atagwira tambula yagalasi ya muofesi mwawo. Mpopi anautsekula ndithu ndi dzanja lawo. Mlondayo amati anawamva akupempha mwaulemu kuti amwe nawo, ndipo panali mawu ena amene anawayankha kuti adikire sayirini. Zimene anaona atayandikira sanauzepo munthu, ndipo ntchito ya ulonda anaisiya sabata yomweyo.

Edesi anabwerera ku Bangwe ndi mwana wake ndi thumba lake la masipanala, limene anakalitenga pambuyo pake. Mapaipi amene anaika aja alipobe mpaka lero, sanadonthepo, singano ya geji imaima nji chaka ndi chaka. Palibe anamulemberapo ngakhale kakalata kothokoza. Mayina a amuna asanu aja sanalembedwebe paliponse, ndipo m'buku lakale akadali anthu othawa ntchito.

Koma mpopi uja ukudonthabe kuseri kwa ng'anjo, ndipo pansi pake ndi pouma. Mukadzapitako masana mudzawerenge nokha. Misomali tsopano ilipo isanu ndi umodzi, ngakhale palibe amavomera kuti anakhoma wachisanu ndi chimodziwo. Pamisomali isanu pali makapu achitini. Pa womalizawo, kumapeto kwenikweni kwa mzere, pamalendewera tambula yagalasi yomangidwa ndi kawaya, ndipo amene anaisuzumira amati m'makapu enawo mumakhala monyowa, koma m'menemo ndi mouma.